Magetsi a M'nzimbe

Inu mukuseka kumbuyoko, sekani, koma mukafunse ku Chiparamba kuti Gerevazio, mwana wa mlongo wanga, anakwatira ndi mutu wotani!

M'mawa wa ukwati wake, wometa atangomaliza mbali imodzi, magetsi anazima. Makina ometera zii. Kumanzere dazi, kumanja thengo. Lumo limamutupitsa mnyamatayo, chipewa mwamuna salowa nacho m'tchalitchi, ndipo apongozi anali atanena kale kuti mwana wawo sangam'pereke kwa munthu wosalongosoka. Anandiyang'ana misozi ili lengelenge: "Malume, mkazi uja wapita." Mtima unandiwawa.

Tsono ine ndimadziwa kuti madzi ukawakankha mwamphamvu m'timabowo tochepa kuposa tsitsi, amakhula m'mbali n'kukokolola magetsi kupita nawo kutsogolo. Mdzukulu wanga akuti amaphunzira zimenezi kuyunivesite ndi timachubu tagalasi. Ine timabowo tomweto ndinationa kalekale m'nzimbe, ndikutafuna. Mukumva?

Ndinathamangira kudimba, n'kudula nzimbe zonse, n'kuzilumikiza kuchokera pachitsime mpaka pakhomo pa wometa, waya uku waya uko, n'kukwera pampu yanga yopalasa ndi miyendo ija, n'kupalasa, kupalasa, mpaka madzi analowa m'nzimbemo akulira ngati mwana wa mbuzi, chitsime chinaphwa, achule anatuluka atayaka m'maso, makina ometera anadzuka okha n'kumaliza mutu wa Gerevazio, n'kudumphira ndevu za wometa, n'kupitirira kukameta galu wa aneba, ine osaleka! Mukumva? Magetsiwo anali otsekemera, njuchi zinaunjikana pababu, ndipo nsapato zanga zinafuka utsi moti ku Mtenguleni anayesa tchire lapsa. Ndikanama, Mulungu andione.

Gerevazio analowa m'tchalitchi mutu uli phuliphuli, apongozi n'kululutira. Lero ali ndi ana, woyamba dzina lake ndi langa.

Alipo ansanje amene amati pa nthawi yomweyo magetsi anali atayaka Chipata yense, mpaka m'masitolo a m'tauni, ndiponso kuti wometa sanazule pulagi yake kukhoma. Zoona, sanazule, sindikana. Nanga mukuganiza kuti magetsi angawo anadzera pati kuti akafike m'tauni?

Ndiye akazima madzulo ano musatukwane a kampani ya magetsi. Mawondo angawa ndi amene akalamba.