Loko Wanga Atachita Dzimbiri

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda, koma poti munthu mmodzi wa kumpingo kwathu akuidziwa kale, imvani nanunso.

Chinandipalamulitsa ndi pakamwa pangapa. Akazi anga, mayi a Tadala, ankachoka kuno ku Shawlands, dera la mu Glasgow kumene timakhala, kupita kumudzi kwa milungu isanu kukathandiza za ukwati wa achimwene awo. Ali mkati molongedza anandiyang'ana cham'mbali n'kunena kuti, "Ndiye mutsala nokhanokha mu Shawlands muno?"

"Ngati mukundikayikira, ndikhomeni loko!" ndinayankha motumbwa.

Ine ndinkangocheza. Patapita masiku atatu, kaphukusi kamene iwo anaitanitsa pa intaneti ndi foni yawo kanafika. Munali kachitsulo kovala amuna kumalo kuja sititchula pagulu, ndi kaloko kake. (Kwathu zoterezi amapitira kwa sing'anga. Kuno amakubweretsera pakhomo, n'kukusainitsa.) Mwamuna sabweza mawu. Ndinavala, iwo anakhoma, kiyi n'kukwera naye ndege.

Vuto linayamba ndi madzi. Ine ndimasamba kawiri pa tsiku monga anandilelera, komanso adokotala anandiuza kuti ndizisambira chifukwa cha msana. Kuwonjezera apo, nyumba za ku Glasgow chinyontho sichitha, thaulo limagona lonyowa mpaka mawa. Sabata yachiwiri ndinaona timadontho tofiirira pa kabudula wamkati. Ndinati basi ndikufa. Nditayang'anitsitsa pagalasi ndinapeza kuti ndi dzimbiri.

Apa ndinakumbukira mmene tinkasamalirira tcheni cha njinga ku Mchinji, ndiye ndinadonthezera mafuta ophikira. Mafutawo anamata, anakoka ulusi wonse wa zovala, ndipo mu basi ndinkanunkha ngati chiwaya cha tchipisi. Ndinati ndiumitse ndi makina oumitsira tsitsi a akazi anga. Abale, chitsulo chimatentha msanga. Ndinavina gule amene sindinaphunzirepo. Pomaliza ndinayamba kukulunga lokoyo ndi pulasitiki, osadziwa kuti ndikungotsekera madzi momwemo.

Mayi a Tadala akaimba foni ankafunsa kuti, "Zonse zili bwino?" Ine ndinkati, "Zonse zili m'malo mwake." Bodza silinalipo.

Atabwerako, tisanamasule n'komwe katundu, anatulutsa kiyi m'chikwama. Kiyi analowa koma anakana kuzungulira. Anakakamiza kamodzi, kawiri, kachitatu tinangomva thyo! Theka linatsala m'manja mwawo, theka mkati.

"Bambo a Tadala, lokoyu mwamutani?"

"Ndimamusamalira," ndinatero.

Anaseka mpaka kukhala pansi. Ine chiseko chinalibe pochokera.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala chachikulu cha kufupi ndi Govan, mu Glasgow momwemo. Njira yonse pemphero langa linali limodzi: pasapezeke Mmalawi. Mudziwe kuti ine ndine mkulu wa mpingo, munthu amene ndimalangiza maanja. Anatiika m'kachipinda kotchinga ndi katani, ndipo kataniyo atatseguka, analowa namwino, ndipo sanali wina koma Mayi Nachisale, mtsogoleri wa amayi kumpingo kwathu.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Chavuta n'chiyani?"

Ndinangoloza, maso ali kudenga. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindiwafunira ngakhale mdani wanga.

Mayiwo sanaseke ngakhale pang'ono. Anavala magolovesi, anayang'ana, kenako ananunkhiza. "Mafuta a mandasi awa? Bambo, loko wokhala m'madzi amafunika wamkuwa kapena wachitsulo chosachita dzimbiri. Mukasamba muzimupukuta aume, n'kuthira mafuta a maloko pang'ono." Anaitana bambo wina wachizungu amene anadula lokoyo ndi chodulira zitsulo, ine nditatsinzina ndi kupemphera m'zilankhulo ziwiri. Potuluka Mayi Nachisale anandinong'oneza kuti, "Musadandaule, zakuchipatala zimathera kuchipatala."

Ndipo chinsinsicho anasungadi. Mpaka lero sanauze munthu aliyense.

Koma Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, mlembi analengeza kuti loko wa kanyumba kosungira mipando wachita dzimbiri, pakufunika munthu woti agule wina n'kumamusamalira. Ndiye Mayi Nachisale anakweza dzanja mwaulemu, nkhope ili phee.

"Ine ndikutchula bambo a Tadala. Ndikukhulupirira kuti za maloko amazidziwa bwino."

Akazi anga ndi amene anavomereza dzinalo, anthu n'kuomba m'manja.

Chaka chachiwiri tsopano ndili pa udindowu. Ndinagula wamkuwa, ndimamupukuta Lamulungu lililonse, ndipo sanachitepo dzimbiri. Kunyumba ndikafuna kutumbwa, ndimayamba ndaona ngati foni ya mayi a Tadala ili patali.