Apuloni Yanga Yapita ku Sekondale

Lolemba

Kukuwaza kamvula kaja ka Mzuzu, kosanyowetsa munthu msanga koma kosaumitsanso zovala. Nthawi ili 3 koloko masana. Madamu akadali kusukulu. Mbale ndatsuka. Kope ili ndalitola m'zotaya zawo, ndipo masamba asanu ndi awiri ndi osalemba. Akwana sabata.

Nkhani ndi iyi. ANyachirwa, amene amagulitsa mandasi pageti la sekondale yomwe Madamu amaphunzitsa, andiuza m'mawa kuti ku Openi, sukulu ya masana ija, mu Fomu 1 mwatsala malo chifukwa ena sanabwerere teremu ino. Akulemba mpaka Lachisanu, 12 koloko. "Luta, mwana wane," akutero m'Chitumbuka chawo, kundiuza kuti ndipite. "Ukalamba ndi mopu m'manja."

Zofunika:
1. Satifiketi ya Sitandade 8. Ndili nayo. Ili m'Baibulo, pa Masalimo, chaka chachinayi chino.
2. Fizi. Achimwene ku Mponela anati imeneyo ndi yawo.
3. Wondisunga asayine chikalata. Kuno wondisunga ndi Madamu.
4. Masana anga, 2 mpaka 5. Nawonso ali ndi Madamu.
5. Pakamwa. Apa ndiye pali ntchito.

Chaka ndi miyezi iwiri ndili pakhomo pano ku Salisbury Lines, ndipo mawu amene ndayankhula kwambiri ndi "chabwino Madamu". Ndiye ndalemba papepala zoti ndikanene, kuti ndiloweze:

"Madamu, sindikupempha kuchoka. Ndikupempha masana okha. Zovala ndizichapa m'mawa, nyemba ndizitereka ndisanapite. Ndasita mayunifolomu ambiri a ana a eni. Ndikufuna ndisiteko yanga."

Ndaliwerenga kasanu pamaso pa ketulo. Ketulo wavomera. Pepala ndapinda, lili m'thumba la apuloni.

Madamu angofika kumene, akuwala nkhope. Loweruka kuli mpikisano wa zisudzo wa masukulu a kuno, muholo ya kusukulu kwawo. Iwo ndiwo amayang'anira ana a zisudzo, ndipo sewero alemba okha. Ndi la mtsikana wantchito amene abwana ake ankhanza akumukaniza sukulu.

Mulungu wandilambulira njira! Koma lero atopa. Ndinena mawa.

Lachiwiri

Mvula yomweyo.

6 koloko m'mawa, ndaima pakhomo la pabalaza ndi thireyi ya tiyi. Mawu ali pakhosi, onse, m'ndondomeko yake. Madamu akweza mutu nkundiyang'ana. Kuyambira kumutu mpaka kuzala za kumapazi, pang'onopang'ono. Chibwerereni sanandiyang'anepo chonchi. Mtima ukuti, adziwa okha!

"Tavula apuloniyo."

Akuti ana agula nsalu yatsopano yoti avale wantchito wa m'sewero, koma ikuoneka ngati akupita ku ukwati. Pakufunika zinthu zenizeni, zotopa.

Zimene zapita ku sekondale lero:
apuloni,
chitenje changa chobiriwira chong'ambika m'mphepete,
duku,
masilipasi, aja ndinamanga ndi waya.

Ine ndatsala. Ndavala nsapato za kutchalitchi pokolopa.

Ndakumbukira ali kale pa kabaza: pepala lija lili m'thumba la apuloni! Ndathamanga mpaka pamsewu, ndakweza dzanja. Madamu nawonso akweza lawo, kunditsanzika.

Palibe kanthu. Mawuwo ndaloweza. Kwatsala masiku atatu.

Lachitatu

Lero ndalowa m'sekondale, 2 koloko yeniyeni, nthawi imene a Openi amalowa. Iwo ndi makope m'manja, ine ndi ndowa pamutu, tsache ndi mopu kukhwapa. Nazonso akuzifuna pasiteji.

Ofesi yolembetsera ili kumanzere ukangolowa. Chitseko chinali chotsegula. Ndachedwetsa mapazi. Ndowa yagunda nthambi ya mtengo.

Holo ndi yaikulu, imanunkha choko ndi masokosi onyowa. Amene akusewera wantchito ndi Tiwonge wa Fomu 3, mtsikana wamtali, wamano oyera, woseka ndi thupi lonse. Wavala zanga zonse. Zikumukhala bwino kuposa ine.

Madamu akuti kayendedwe kake ndi ka mwana wodya kunyumba kwawo. Ndiye andiimika pakati pa siteji kuti ndiyende, iye aziona. Ana makumi awiri akundiyang'ana. Ndayenda mpaka kumapeto kwa siteji.

"Yendaniso, sisi," akutero Tiwonge, kusakaniza ndi Chitumbuka, akunditsata pambuyo kuti ndiyendenso. "Mapewa mumagwetsa wuli? Aa, yewo chomene, ndagwira!"

Wagwiradi. Ndadziona ndekha ndikuyenda kutsogolo kwanga, mutu uli pansi ngati ndataya singano. Kani ndimayenda chonchi?

Kenako Madamu: "Tayankhulako, amve mawu ako."

Mpata ndi umenewu. Holo yonse chete. Ndatsegula pakamwa.

"Chabwino Madamu."

Aseka mpaka wina wagwa pabenchi. Tiwonge wabwereza, ndendende. Madamu akuti awaika m'sewero kasanu ndi kamodzi.

Potuluka, aNyachirwa andifunsa ndi nsidze zokha. Ndayang'ana matope.

Lachinayi

Ndapatsidwa udindo. Chitseko cha nyumba ya m'sewero ndi cha makatoni ndipo sichiima chokha. Ine ndimakhala kuseri kwake, ndagwira ndi manja awiri. Ndikasiya, nyumba yagwa.

Ndili kuseri komweko, ndikumva Madamu akudandaula kuti mapeto a sewero ndi ozizira. Wantchito akungolira, sakunena kanthu kogwira mtima. Ndiye Tiwonge wapisa dzanja m'thumba la apuloni kufuna poika chingamu.

Ndamva pepala likufunyululidwa.

Wawerenga. Poyamba mothamanga, kenako wabwereza pang'onopang'ono, atagwada, ndi kalankhulidwe kake ka kuno. Atafika pa "ndikufuna ndisiteko yanga" mawu ake ananjenjemera. Ine ndekha sindinadziwe kuti penapo pamafunika kunjenjemera.

Pa kabowo ka katoni ndaona Madamu akupukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Walemba ndani zimenezi?"

Ndikanakweza dzanja, koma manja onse ali pachitseko. Ndakweza chala chimodzi. Kuseri kwa katoni.

"Ndine, Madamu," watero Tiwonge.

M'manja! Mluzu! Ndipo nyumba sinagwe.

Pobwerera, ine ndi ndowa, iwo ndi ambulera, Madamu akuti, "Wamva iwe? Mwana wa Fomu 3! Ubwino wa sukulu ndi umenewo."

Chabwino Madamu.

Mawa ndi Lachisanu. Satifiketi ndaitulutsa m'Masalimo, ndaikulunga m'jumbo.

Lachisanu

Ndanena! Ndilembe kaye zimenezi, chifukwa ndi zoona. Ndanena.

M'mawa, Madamu akumanga zingwe za nsapato. Ndagwada pambali pa mpando, ndatseka maso, ndayamba: "Madamu, sindikupempha kuchoka. Ndikupempha masana okha." Mpaka kumapeto, osalakwitsa ngakhale pamodzi.

Aseka mpaka kukhosomola. "Nawenso waloweza? Iwe uli ndi mutu, ukudziwa? Koma Tiwonge amaikamo moyo. Iwe ukungonong'ona." Foni yawo yalira. Atuluka akuyankhula za makatani.

Njira yachiwiri. 11 koloko ndapita ndekha ku ofesi. Abambo a mu ofesimo ayang'ana satifiketi, ayang'ana ine, agwedeza mutu movomera. Alemba dzina langa pachikalata ndi zilembo zikuluzikulu. "Wokusungani asayine apa. Mubwere nacho 12 isanakwane, ndikutseka buku."

Ndathamangira kuholo. Madamu ali pamwamba pa desiki, desikiyo ili pamwamba pa tebulo, akupachika katani, mapini ali kukamwa. Ana akukuwa, ng'oma ikulira, wina wathyola mpando wa abwana a m'sewero. Ndakweza chikalata m'mwamba ndi manja awiri.

"Eya, pepala! Ndimafuna pepala!"

Achitembenuza osachiyang'ana. Kumbuyo kwake alemba:
mapini ena,
ulimbo wa makatoni,
ufa wopaka kumutu kwa agogo,
makala a ndevu.

Andiwerengera kawiri, chikalata aponya m'chikwama chawo, nkundituma kumsika waukulu m'tauni. "Thamanga, usatenge tsiku lonse."

Ndanena kuti, "Madamu, kutsogolo kwa chikalatacho." Ng'oma inali ikulira.

Belu la 12 landipeza pageti. ANyachirwa andikodola. Andipatsa ndasi limodzi, lozizira.

Makala ndapeza abwino.

Loweruka

Mvula yeniyeni tsopano, ya matope.

Masukulu asanu ndi imodzi, ena afika pa malole, akuimba nyimbo zonyoza anzawo. Chitseko chija achikhomera matabwa, chifukwa malamulo akuti pasiteji pakhale ana asukulu okha. Udindo wanga watha.

Kutatsala pang'ono kuti ayambe, Madamu aona kuti bulauzi ya Tiwonge ndi yoyera kwambiri. Ayang'ana yanga. Ndadziwa kale. Kuseri kwa katani ndavula bulauzi ndi siketi, ndipo poti munthu sangaime chomwecho pasukulu, andiponyera yunifolomu ya Tiwonge. Nsapato za kutchalitchi atenganso, akuti avale mwana wa abwana.

Malaya oyera. Siketi yotuwa. Juzi ya chizindikiro pachifuwa.

Ndadziona pagalasi la windo. Sindinagwetse mapewa.

Ndakhala pabenchi ya kumbuyo, pakati pa atsikana a Fomu 1. Mmodzi wandigunda ndi chigongono: "Sunthako, iwe." Iwe! Osati sisi, osati antchito a Madamu. Wina wandigawira chimanga chokazinga. Sukulu yathu itatchulidwa onse akuwa, nanenso ndakuwa. Mawu anatuluka, ndinawamva ndekha.

Zatenga mphindi makumi awiri kapena kuchepera.

Dzanja paphewa. Achiwiri kwa ahedi, ndi buku lakuda la olakwa. Abambo amenewa ndawapatsapo tiyi kunyumba kanayi. Amathira masupuni atatu a shuga.

"Panja."

Milandu:
tsitsi loluka, pomwe lamulo ndi lometa,
opanda nsapato,
opanda masokosi,
kuchititsa manyazi sukulu pamaso pa alendo.

"Fomu chani?"

Apa ndikanangonena kuti ndine wantchito wa Madamu, nkhani ikanathera pomwepo. Mawu anayi okha.

"Fomu 1," ndatero.

"N'chifukwa chake. Dzina?"

Ndatchula lonse, ndi la bambo anga. Alemba. Ndaona ndi maso anga, inki yabuluu, mzere wachitatu kuchokera pansi.

Chibalo: kukolopa khonde lonse la holo, pomwe masukulu asanu ndi imodzi apondapo matope. Lolemba ndibwere nditameta, ndi kholo.

Mopu ya pasukulu ndi yachabechabe, yatsala zingwe zinayi. Yanga yabwino ili pasiteji.

Sewero ndalimvera pawindo. "Chabwino Madamu" kasanu ndi kamodzi, ndipo kasanu ndi kamodzi holo yaseka. Kenako bata. Kenako mawu a Tiwonge: "Ndasita mayunifolomu ambiri a ana a eni." Amayi ena pafupi ndi windo akuti, "Mayo ine, anthu ena alibe chisoni." Atulukira panja kudzamina, aponda pomwe ndakolopa.

Tapambana. Chikho ndi chathu. Tiwonge ndiye katswiri wa atsikana, ndipo oweruza ayamikira kwambiri zovala.

Khonde nalonso lawala, koma palibe wanenapo.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Nsapato zikadali m'thumba la zovala za sewero, kusukulu.

Madamu mawu awathera. Chikho chili pamwamba pa wailesi ya kanema, ndachipukuta kale kawiri. Akuti tsopano apita ku mpikisano wa chigawo chonse cha kumpoto, ndiye kukonzekera kuzikhala masana aliwonse, 2 mpaka 5, ndipo ndizipita nawo chifukwa Tiwonge akufunika kuonabe mmene ndimagwadira. Chitenje chobiriwira ndisachichape. Litsiro lake ndi limene oweruza analikonda.

Titadya, akhuthula chikwama chawo patebulo kufuna mankhwala a pakhosi. Mapini, choko, makiyi, chikalata. Awerenga za makala ndi ufa. Atembenuza.

Ndinali pakhomo ndi thireyi. Ndinaona maso awo akuyenda pa dzina langa, kenako pa mzere wopanda siginecha, kenako pa mawu akuti Lachisanu.

"Ichi n'chako?"

Ndagwedeza mutu.

"Ndiye pepala la m'apuloni lija..." Sanamalize. Ayang'ana chikho. Ayang'ana ine. Makutu anga amayembekeza chinachake, sindikudziwa chiyani.

"Nanga bwanji sunanene? Iwe vuto lako ndi limeneli, kusayankhula." Akhosomola. "Chaka chamawa tidzaona. Koma za pepalazi usauze munthu, wamva? Malamulo amati sewero alembe ndi a pasukulu."

Chabwino Madamu.

Mmene zinthu zilili:
apuloni ili ku sekondale,
chitenje, duku, masilipasi, bulauzi, siketi ndi nsapato zili ku sekondale,
kayendedwe kanga kali ku sekondale,
mawu anga apita ku chigawo.
Satifiketi yabwerera ku Masalimo.

Dzina langa lokha ndi limene lalembedwa bwinobwino. Lili m'buku la sekondale, Fomu 1, mzere wachitatu kuchokera pansi. Mawa achiwiri kwa ahedi aliitana pa asembule, ndipo poona kuti palibe akuimirira, alemba kuti ndajomba. Ndiye kuti ndine mwana wasukulu amene sanabwere. Si zabodza.

Yunifolomu ya Tiwonge ndachapa dzulo, yauma pa chingwe cha m'khitchini. Akuifuna mawa m'mawa. Magetsi azima, ndiye ndakoleza makala aja anatsala ku ndevu, ndaika m'simbi. Ndasita kolala kawiri, mapindo a siketi limodzilimodzi. Ndinachedwa dala.

Tsamba latha. Ndamaliza kulemba Lamulungu, 4 koloko madzulo, mvula ikuwazabe, simbi isanazizire.