Paipi Yachikasu ya m'Nyumba Nambala 27

Kwa Bwana Manijala Wamkulu,
Kampani ya Nyumba ya Pogona Pabwino.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwira mwendo wanu, mundikhululukire pokudyerani nthawi. Ine ndine telala wamba wa m'nyumba yanu nambala 27, ija ya kumapeto kwa mzere. Dzanja langa linazolowera sizasi ndi choko, kulembera anthu akuluakulu silidziwa. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ndatsekula.

Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri. Abale inu, kukongola kalata! Pepala lolimba, chidindo chonenepa, siginecha yopotanapotana ngati ulusi wosokonekera m'bobini. Zaka zinayi takhala tikukulemberani za mpopi, za denga ndi za chitseko osayankhidwa, mpaka amuna anga anayamba kunena kuti kampaniyi ilibe munthu, ndi bokosi chabe lomeza makalata. Ndawauza kuti alape. Mulipo Bwana, muli moyo, ndipo kulemba mumatha.

Kalatayo ikuti tichotse paipi imene tinakhoma pakhoma la m'kolido pasanathe masiku khumi ndi anayi, apo ayi tituluke m'nyumba, chifukwa taphwanya ndime 9 ya pangano, yoletsa kusintha maonekedwe a nyumba. Mlanduwo sindikuukana. Kungoti kalaliki wanu uja anabwera ndi tepi anayeza paipi yokha osafunsa za mwini wake, ndiye ndati ndikudziwitseni mwini wakeyo.

Ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu. Kuno timamutchula kuti Adona, chifukwa m'nyumba muno palibe chimachitika iwo asanavomereze. Adona zinthu zawo zimabwera mochedwa. Anayamba kukhala pansi okha ali ndi zaka ziwiri, anakwawa ali ndi zitatu, ndipo mawu amene amayankhula pakadali pano ndi asanu ndi awiri, atatu mwa iwo ndi okanira. Kuyenda okha sanayambe. Amayi a mafizo kuchipatala timawaona kamodzi pamwezi, mphindi makumi awiri, ndipo anatiuza mosapsatira kuti sukulu yeniyeni ndi kunyumba, tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono, mosewera. Choncho nyumba yanu inasanduka sukulu. Ndisabise, zipangizo zambiri za sukuluyi munapereka ndinu, ndipo kungakhale kupanda ulemu nditapanda kukuthokozani chimodzichimodzi.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mpopi wa kukhitchini. Wakhala ukudontha chilowereni chathu muno, ndipo mukanaukonza sindikudziwa kuti Adona akanaphunzira bwanji kugwira kapu. M'mawa uliwonse ndimawakhazika pasinki nditawagwira m'chiuno, iwo n'kutchera kapu ndi manja awiri, ine ndikuwaimbira kanyimbo kopeka ndekha ka madontho. Poyamba kapu inkapulumuka pa dontho lachiwiri. Pano amadikira mpaka madzi afike pakati, kenako n'kundikhuthulira kumaso, n'kuseka mpaka kutsamwa. Amayi a mafizo akuti kukhuthulako ndi chitukuko, ngakhale kuti wonyowa ndimakhala ine. Liwu lachisanu la Adona linali lakuti madzi, ndipo limenelo ndi mphatso yochokera kwa inu.

Chachiwiri, denga. Mvula ikayamba timatchera ndowa, mabeseni awiri, poto ndi chitini cha penti pabalaza. Apa ndi pamene Adona anadziwira chachikulu ndi chaching'ono: ndikanena kuti chachikulu, amakankha ndowa, ndikanena kuti chaching'ono, amandiponyera chitini, nthawi zina pamphumi penipeni. Chiwiya chilichonse chimalira mwa icho chokha, ndiye ndimawapatsa supuni kuti aziyankha madontho. Ana a anzathu makolo awo amawagulira ting'oma ta m'sitolo, koma ife oimba athu amatsika kuchokera kudenga kwaulere. Vuto ndi lakuti chilimwe chikafika Adona amaloza kumwamba n'kumadandaula, koma pamenepo sindingakuimbeni mlandu, mbali yanu munaichita.

Chachitatu, simenti ya pabalaza, imene inakumbika malo atatu. Ine pokhala telala, mabatani sindisowa. Ndimasankha akuluakulu a majekete, oti sangamezeke, n'kuwathira m'chikho. Ofiira amapita m'dzenje la pafupi ndi khomo, akuda m'dzenje la pansi pa windo, oyera m'kadzenje ka pafupi ndi mashini anga. Zinatitengera chaka chathunthu kuti zala za Adona zitole batani limodzi ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Tsiku limene linatoleka ndinakuwa mpaka amayi a nambala 26 anathamanga ndi ndowa ya madzi poganiza kuti kwabuka moto.

Chachinayi ndi chachifupi. Chitseko cha kuchipinda sichitsekeka, chimangotseguka chokha mwakachetechete. Bambo ake a mwanayu, makaniko wamkulu thupi, wandevu, woopedwa kugalaja, akabwera kudzadya masana amabisala kuseri kwake n'kumalira ngati mphaka mpaka Adona awapeze. Akuti zimaphunzitsa mwana kuti chinthu chikabisika sindiye kuti chatha. Phunziro limeneli latithandiza ngakhale akuluakulufe pa nkhani ya kampani yanu.

Tsopano chachisanu, mlandu wanga uja. Zaka ziwiri zapitazo antchito anu anabwera ndi mapaipi atatu kudzakonza mpopi. Anawatsitsira kuseri kwa nyumba, ndinawapatsa tiyi, anamwa, n'kunena kuti akukatenga sipanala. Sipanalayo iyenera kuti ili kutali kwambiri. Mapaipi anagona pamenepo mpaka udzu unawakwirira.

Miyezi isanu ndi itatu yapitayo, ndikusoka yunifolomu ya mwana wa eni ake, ndinangomva mashini agwedezeka. Kuyang'ana pansi, Adona agwira mwendo wa mashini, aimirira, miyendo ikunjenjemera, nkhope ili ngati akundifunsa kuti ndikudabwa chiyani. Sindinakuwe ulendo umenewo, ndinangosiya yunifolomu ija n'kugwada pambali pawo. Amayi a mafizo atamva anati mwanayu akufunika chogwirira chachitali choti azitsatira poyenda. Alamu anga ndi owotcherera zitsulo. Anafukula paipi imodzi m'udzu muja, anaipala dzimbiri, anaipaka penti yachikasu, n'kuikhoma m'kolido molekezera m'bondo mwanga. Mabowo asanu ndi limodzi pakhoma lanu, Bwana. Ndawawerenga, ndipo sindikubisa ngakhale limodzi.

Kuchokera pakhomo la kuchipinda kufika pa mashini anga ndi mapazi makumi awiri a Adona. M'mawa uliwonse, nthawi ikakwana naini, ndimamanga tizigamba ta nsalu papaipi, kachigamba kamodzi pa phazi lililonse. Ntchito ya Adona ndi kusolola. Akasolola kamodzi amakaponya pansi monyada, n'kusuntha dzanja, kenako phazi, kulondola kotsatira. Ine ndimakhala pa mashini n'kumanamizira kusoka, chifukwa akangoona kuti ndikuwayang'ana amanyanyala ntchito. Sabata yoyamba anaponda kawiri. Mwezi wachitatu tinafika pa asanu n'kukhala pomwepo milungu isanu ndi umodzi, osasuntha, mpaka ndinayamba kukayika. Lero tili pa khumi ndi atatu. Akafika pamenepo amakhala pansi, kunena kuti basi, n'kumaliza njira yotsalayo chokwawa.

Musaganize kuti tsiku lililonse muno ndi chikondwerero. Alipo masiku amene Adona amakana chilichonse, kapu aitaya, mabatani awamwaza, paipi osaiyang'ana n'komwe, kasitomala ali pakhomo kufuna diresi lake. Masiku oterowo ndimatopa, Bwana, ndimapsa mtima, ndipo ndimakalirira kukhitchini kuti mwana asandione. Ndikapita naye kumsika anthu amandiunjikira malangizo, wina akuti ndimamunyamula kwambiri, wina akuti pali amene anachita. Ndimangoti zikomo. Ndikabwerera m'nyumba n'kuona paipi ija, mtima umakhala pansi, chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene chimathandiza mwana wanga osayankhula kanthu.

Kalaliki wanu ndimuyamikire, ndi munthu wosamala ntchito. Anafika sukulu ili mkati, Adona ali pa phazi lachisanu ndi chiwiri. Iwo pokonda alendo anasolola kachigamba kobiriwira n'kumupatsa. Sanakaone. Anandipempha mwaulemu kuti ndisunthe mwanayo chifukwa akutchinga tepi. Potuluka anapunthwa pa dzenje la mabatani ofiira, fayilo n'kugwera m'beseni, ndipo dontho la kudenga linamugwera pakhosi penipeni. Koma taonani kudzipereka kwake: mu lipoti lake mulibe dzenje, mulibe beseni, mulibe dontho. Anaona chinthu chimodzi chokha cholakwika m'nyumba yonseyi, ndipo ndi chokhacho chimene chikugwira ntchito. Maso otere ndi osowa, mumukweze pantchito.

Ndayesa kumvera, Bwana. Ndinawawerengera Adona kalata yanu mokweza, ndi ndime 9 yomwe, n'kuwafotokozera kuti mapazi asanu ndi awiri otsalawo awamalize pa masiku khumi ndi anayi. Anamvetsera bwinobwino, analanda pepalalo, n'kulawa chidindo. Kenako anagwiritsa ntchito mawu awo atatu okanira aja, onse motsatizana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ndikudziwa kuti mawu amenewa m'pangano lanu mulibe.

Nanga ndichite bwanji? Ndikachotsa paipi, mwana wanga abwerera pansi, ndipo miyezi isanu ndi itatu ipita m'madzi. Tikasamuka, nyumba ino amaidziwa ndi manja, khoma lililonse, dzenje lililonse. Malo achilendo amamuopsa moti amatha mwezi osafuna kutsika pamsana panga. Zonse ziwirizi ndikuziopa, ndipo manyazi ponena zimenezi ndilibe.

Pempho langa ndi laling'ono. Dziwani kuti palibe munthu padziko pano amene akufunitsitsa kuti paipi imeneyi ichoke kuposa ine. Tsiku limene mwana wanga adzaisiye yekha n'kuyenda manja ali m'mwamba, ndidzaizula ndi manja angawa, mabowo asanu ndi limodzi ndidzawamata, ndidzapaka penti, n'kukaibwezera m'udzu momwe antchito anu anaisiya kuti ipitirize kudikira sipanala. Tsikulo sindikulidziwa. Amene akulidziwa salemba makalata.

Koma ngati ndime 9 singadikire, chonde musatumenso kalaliki. Bwerani nokha, naini koloko m'mawa, tiyi mudzamupeza. Papaipipo mudzapeza kadzanja. Zinanditengera zaka zitatu kuphunzitsa zala zimenezo kufumbata, ndiye kuzifumbatula ine sindingathe. Ntchito imeneyo ikufunika dzanja lamphamvu, lozolowera kusaina. Mukadzaona kuti nanunso zakukanikani, musadzachite manyazi. Mudzangopinda thalauza, kugwada pa phazi la khumi ndi chinayi, n'kutambasula manja. Adona amakonda alendo, mwina adzaponda limodzi lowonjezera kuti akupatseni kachigamba. Ikhoza kudzakhala ntchito yoyamba imene kampani yanu yagwira m'nyumba muno.

Ine wanu womvera malamulo onse kupatula limodzi,

Telala wa nambala 27,
mayi ake a Adona.