Sabata Imene Ndinasandutsa Mawu Kukhala Manambala

Lolemba

Ogula mgodi abwera Lachisanu kudzaona ofesi yathu ya makompyuta. Tilimo asanu, akuti asunga awiri. Ine ndikhala mwa awiriwo, zivute zitani.

Nzeru ndaipeza kale. Pulogalamu yathu yoonetsa mapampu otulutsa madzi pansi pa mgodi imachedwa kutseguka, munthu umatha kukawiritsa tiyi n'kubwera. M'kompyutamo muli kachigawo kamene ine ndimakatchula kapitawo wa mawindo. Iye amasunga maonekedwe a chilichonse chooneka pa galasi la kompyuta: mtundu, kukula kwa zilembo, mawu olembedwa pa batani. Zonsezi amaziwerenga m'fayilo imodzi. Dzina la chinthu chilichonse ndi mawu ataliatali achingerezi, ndiye kapitawo amalisandutsa nambala kuti asavutike kuyerekeza chilembo ndi chilembo. Buku la malangizo a kompyutayi likuti nambalayo imatchedwa kwaki.

Tsono kusandutsa kwa tsiku ndi tsiku n'kwa chiyani? Bambo anga anagwira ukalaliki pa mgodi uno mpaka imvi, nambala yawo ya ntchito imodzimodzi, pa geti sankafunsidwanso dzina. Nambala ukapatsidwa, wapatsidwa. Ndikopera manambala onse kamodzi, n'kuwakhomera m'pulogalamu momwemo, kapitawo apume.

Ndawerenga theka la tsamba ndipo ndamva zonse. Buku ndalibweza pansi pa mwendo waufupi wa tebulo, pamene limakhala.

Lachiwiri

Ndakopera tsiku lonse, nkhomaliro osadya.

- mtundu wa pampu yoima, wofiira: 411
- mtundu wa pampu yoyenda, wobiriwira: 412
- mawu a pa batani lotsekera: 430
- ndi ena ambiri, mpaka chala kuuma

Yayenda! Ndayeza ndi wotchi, ikutseguka msangako ndithu. Ba Chanda, mayi amene tebulo lawo layandikana ndi langa, akuti sakuona kusiyana. Iwowo magalasi awo anathyoka mwezi watha, angaone chiyani.

Kunyumba ku Kamitondo ndafotokozera bambo. Agwedeza mutu mokhutira. "Nambala sinama, mwana wanga. Anthu ndi amene amanama." Mkazi wanga wangofunsa ngati ogulawo adzamvetsa zimenezi. Amva akaona.

Lachitatu

Kwacha ndi zachilendo. Batani lotsekera lalembedwa kuti sindikiza. Losindikizira lalembedwa kuti thandizo. La thandizo lilibe mawu, langoti kakasi.

Ndazimitsa, ndayatsa. Zomwezo. Ndazimitsanso, ndapukuta fumbi kumbuyo, ndayatsa. Zomwezo.

A Banda, abwana athu, adutsa n'kusuzumira: "Zikuyenda?" Ndaphimba galasi ndi msana n'kuyankha kuti bwino kwambiri. Ndikuganiza kuti ndi magetsi, masiku ano akumaphethiraphethira. Mantha ndili nawo pang'ono, koma sindibwerera m'mbuyo.

Lachinayi

Wolakwa wapezeka. Ba Chanda anawonjezera mzere umodzi pakati pa fayilo ija kuti zilembo zikule, chifukwa cha magalasi aja. Ndawafunsa mwaulemu wonse umene ndinali nawo, ndipo unali wochepa. "Awe mwandi, ayi ndithu, zaka zonsezi timalembamo, sizinapengepo," atero. "Bwanji muwerenge buku mpaka kumapeto?"

Buku likuchirikiza tebulo, ndipo nthawi ndilibe.

Zimene ndachita:

- ndakopera manambala onse kachiwiri, ena asuntha, sindikudziwa chifukwa chake
- ndamata pepala pa kompyuta: FAYILO IYI OSAIKHUDZA
- ndasita shati loyera, la kutchalitchi
- ndaloweza zokanena mawa, pachingerezi, ndili m'basi

Zonse zili m'malo mwake. Mapampu onse obiriwira ngati dimba.

Lachisanu

Abwera atatu, zisoti zatsopano zopanda ndi kachidindo ka dothi komwe. A Banda aimirira mokhala ngati akwatitsa mwana. Ndayamba mawu anga, ndadina batani.

Pamwamba pa galasi patuluka mawu olandira alendo, aakulu, okongola, amene ine sindinalembe. Pansi pake mapampu onse afiira. Onse!

Mmodzi wa alendo wafunsa modekha ngati mgodi umene akugulawu ukumira. A Banda athamangira foni, aimbira pansi. Woyang'anira mapampu wayankha kuti zonse zikuyenda, ndipo ngati palibe china iye ali pa chakudya. Ine ndayamba kufotokoza za kwaki. Ndatchula mawuwo kanayi. Mlendo wamkazi walemba kanthu m'kabuku kake, kakafupi kwambiri.

Atapita, a Banda avomera kuti m'mawa anaika mzere wolandira alendo pamwamba penipeni pa fayilo. Pepala langa analiona. "Ndimayesa mumaletsa anthu wamba."

Ndakwiya mpaka makutu kutentha, koma wokwiyira weniweni sindikumupeza.

Loweruka

Ndabwera ku ofesi ngakhale si tsiku langa. Ndanyamula tebulo, ndasolola buku, ndawerenga theka lotsala la tsamba lija.

Likunena poyera. Kapitawo amagawa manambala monga pa mzere wa kuchipatala: wofika koyamba, nambala yoyamba. Wina akalowa kutsogolo, onse am'mbuyo asuntha. Ndipo pulogalamu ikatsekedwa manambala onse amatayidwa, mawa agawanso. Dzina ndiye limakhala. Mzere wa a Banda utalowa pamwamba, 412 inagwera pa mtundu wofiira, ndipo pulogalamu yanga inangomvera.

Mizere isanu yokha. Ndikanaiwerenga Lolemba tiyi asanazizire.

Ndabwezeretsa mayina onse monga analili. Ikuchedwa ngati kale, koma ikunena zoona. Pepala langa ndalimatula.

Potuluka ndapeza anthu aunjikana pa geti. Mndandanda wa ochotsedwa ntchito wamatidwa. Mayina palibe, manambala athu a ntchito okhaokha. Ya Ba Chanda palibe. Yanga ili pa mzere wachitatu.

Lamulungu

Kutchalitchi ndavala shati loyera lomwe lija. Nyimbo ndaimba, mawu ake sindinawamve. Mkazi wanga akuti mlongo wake ku Itawa, ku Ndola, ali ndi kashopu kotayipira anthu makalata ndipo akusowa wodziwa kompyuta. Wawonjezera kuti kumeneko makalata amawerenga mpaka kumapeto. Akunena zoona.

Bambo andiperekeza kudutsa pa geti, akuti aone okha. Ine ndinali ndi kachiyembekezo kopusa, kuti mwina wina wawonjezera mzere pamwamba, zonse n'kusuntha. Avala magalasi, ayendetsa chala pa pepala, aima pa mzere wachitatu. Aiwerenga kawiri, mokweza, monga ankawerengera za anthu ena kale.

"Ndi yako," atero, n'kundigwira paphewa.

Iyi ndiye sisuntha. Mawa ndikabweza makiyi, ndipo ndikawauza Ba Chanda kuti apezere tebulo lija njerwa.