Mtedza wa Madamu Odile

Lolemba

M'basi muno ndikukumbukira beseni. Tili Fomu 1 kusukulu ya mishoni kumapiri a Ntchisi, mwezi wa Juni, nkhungu mpaka pawindo. Madamu Odile, mzungu wotiphunzitsa Chifalansa, akulowa m'kalasi atanyamula beseni la madzi. Akuthiramo mchere wodzaza dzanja, akuligwedeza. "Atsikana, kwathu nyanja imakhala chonchi. Bwerani mulawe." Tonse pamzere, aliyense chala chimodzi. Ndi omwewa amene anapalasa njinga mpaka kwa bambo anga kukawauza kuti ukwati udikire, mwana atsirize sukulu. Sindinawathokozepo. Pobwerera kwawo anangoti, "Ukadzabwera kwathu, udzandipeze."

Papita zaka zoposa makumi atatu, koma ndabwera. Ndili ku Falansa miyezi itatu pa maphunziro a aphunzitsi a Chifalansa, ndipo atipatsa sabata yopuma. Anzanga apita ku Paris. Ine maola asanu ndi awiri pa basi yotchipa, kulowera kutauni ya kunyanja kwawo kwa Madamu.

Ndili ndi:
- envulopu ya kalata yawo yomaliza, keyala ili kumbuyo
- mayuro 70 otsala nditalipira pogona
- tikiti yobwerera Lolemba likudzali masana
- chitini cha mkaka chodzaza mtedza wa chalimbana, wolima mchemwali wanga ku Dowa, wokazinga ndi mchere. Kwa munthu wamkulu sindingafike chimanjamanja.

Sindinawauze kuti ndikubwera. Kuyambira liti munthu kupempha chilolezo chokaona mphunzitsi wake?

Kunyumba yogona ophunzira andipatsa bedi lapamwamba. Pa msinkhu uno! Pansi pakugona mtsikana wa mphete pamphuno.

Lachiwiri

Chitenje chatsopano, chitini m'manja. Nyumba ndaipeza, nambala yomweyo. "Odi!" katatu. Zii. Kenako ndaona belu. Atuluka bambo ovala kabudula: dzinalo salidziwa, nyumbayo anachita kugula. Khomo loyandikana: sadziwa. Lotsatira: sadziwanso, ndipo ngakhale bambo a kabudula aja sawadziwa! Ku Mponela ukangotsika minibasi n'kutchula dzina, anthu atatu amalimbirana kukulozera njira, n'kukuuzanso kuti mwiniwakeyo masiku ano akuvutika mwendo.

Nyanja kulibe! M'mawa inalipo, ndinaiona ndi maso angawa. Masana matope okhaokha, maboti atagona chammbali. Akuti imabwerera madzulo. Palibe amene akudandaula.

Khofi: kakapu ngati ka mankhwala a chifuwa, mayuro atatu. Ndayamba kuwerengera m'makwacha, ndasiyira panjira. Mgonero: buledi ndi madzi a pampopi. Ndi njere khumi za mtedza, kungoona ngati sunalowe chinyezi. Sunalowe.

Lachitatu

Mvula yopanda bingu, yongonyowetsa munthu mwakachetechete. Nzeru yatsopano: kutchalitchi. Madamu sankaphonya Misa, akulu a mpingo sangawasowe. Chitseko n'chokhoma. Pepala pakhoma: wansembe amabwera Lamlungu limodzi pamwezi. Lapita kale.

Bambo a Chisomo pa foni, kuchokera kunyumba: "Mwawapeza? Nanga bwanji osafunsa a tcheyamani a msika? Komanso mutijambulire nyanjayo, kuntchito akundifunsa." Ndawatumizira chithunzi. Yankho: "Mayi a Chisomo, musatinamize. Uku ndi kudambo kwa Madisi."

Buledi wa kuno ndi wamtali ngati mpini wa khasu. Chimbalame choyera chandilanda theka, m'manja mwenimweni, anthu akuona. Mtedza: dzanja limodzi. Chabwino, awiri. Ndagwedeza chitini kuti chizioneka chodzaza.

Lachinayi

Kuofesi ya tauni. Mayi waulemu kwambiri: keyala ya munthu sapereka kwa mlendo, ndi lamulo. Ndamufotokozera za beseni, za njinga, za bambo anga, zonse m'Chifalansa chomwe ndakhala ndikuphunzitsa moyo wanga wonse. Wati ndimalankhula mokoma, ngati agogo ake. Keyala ayi.

Mtsikana wa mphete wandiitana kukatola chakudya chaulere nyanja ikachoka. Ndapita ndi jumbo yaikulu. Nkhono! Anthu ovala bwinobwino akutsegula nkhono ndi mpeni, n'kumeza zosaphika. Ndathokoza, ndati ndakhuta.

Pobweza ulemu ndamutsegulira chitini. Waitana anzake asanu. Kwathu munthu amakana kaye, kenako amatapa kamodzi n'kunena kuti zikomo, zakwana. Awa sakana. Akuti mtedza wotere sanaulawepo. Ine n'kumamwetulira, maso ali pachitini.

Chatsika kupitirira theka.

Lachisanu

Ndapita kumene ndakhala ndikuzemba: kumanda. Kuno amangolowa, osapempha kwa aliyense, ena ndi galu yemwe. Mzere ndi mzere, maola atatu. A Odile alipo anayi. Wanga palibe.

Ndakhala pabenchi. Ndikanalemba kalata chaka chomwe ndinayamba ntchito. Ndinkadikira kuti ndikhale ndi chachikulu chowauza: ndikamanga nyumba, ndikakhala hedi. Nyumba ndinamanga. Uhedi sunabwere. Kalata sinapite.

Ndadya mtedza. Wa chisangalalo, sindikuuwerengera.

Madzulo nyanja yabwerera, ndaviikamo chala. Madamu anachepetsa mchere.

Mayuro 19.

Loweruka

Tsiku la msika. Za maofesi zakanika, ndichita zakwathu: moni kwa wokalamba aliyense, kenako funso. Zotsatira:
- awiri aganiza kuti ndikupempha ndalama
- mmodzi wapanira chikwama chake m'khwapa
- mmodzi wandifotokozera za bondo lake mpaka ine langa layamba kuwawa
- agogo ogulitsa mazira, a chipewa chakuda: "Odile wa ku Afrika? Uja ankakalipira galu wake m'chilankhulo chachilendo?"

Ali moyo! Ali kunyumba yosungira okalamba, tauni ina. Wololeza alendo ndi mwana wa mchimwene wa Madamu, ndipo agogowa amamudziwa. Alemba nambala yanga pa katoni ya mazira.

Munthu wotere sungangomuuza zikomo wapakamwa. Ndawathirira mtedza m'chipewa.

Chitini tsopano chikulira ngati maseche a kwaya.

Lamlungu

Masitolo onse ndi otseka. Palibe anandiuza. Buledi anatha dzulo.

Pofika masana, foni zii. Ndavomereza: agogo aja agulitsa katoni ija pamodzi ndi nambala yanga. Pena pake m'tauni muno munthu wakazinga mazira n'kunditaya m'bini. Ndalongedza chikwama. Ndakhala pagombe, chitini pamiyendo. Mwini mphatso palibe, njala ilipo. Ndadya nkhomaliro, mosafulumira, ndikuonerera nyanja ikuchoka.

Folo koloko, foni. Mwana wa mchimwene wa Madamu. Mawa naini koloko m'mawa, theka la ola lokha. Adzanditenga pa galimoto, basi yanga ndidzaipeza. Akuti azakhali ake amaiwala zambiri, maina, masiku, nthawi zina iyeyo amene. Koma atamva kuti Ntchisi, akhala tsonga.

"Afunsa chinthu chimodzi chokha, sindikudziwa ngati n'chotheka. Akuti, kodi mwabweretsa mtedza?"

Ndati eya.

Ndakhuthulira pabedi. Njere makumi awiri ndi zitatu, ziwiri zopserera. Ndazimanga pakona ya mpango, mfundo ziwiri, kuti ndisamasule.

Madzulo ano, madzi a pampopi.