Kabaza Wosanyamula Nsomba

Penapake pansi pa mtsinje wa Shire, kumunsi kwa mlatho wa Liwonde, pali ambulera yanga. Ng'ona zikuidziwa bwino. Mmene inafikira kumeneko ndi nkhani imene anzanga apasiteji amaikamba ndikangotembenuka, ndiye kuli bwino muimve kwa mwini wakene.

Ine ndimapalasa kabaza. Masiku amenewo ndinali ndi kasitomala mmodzi amene ankandidyetsa, Abiti Saidi, mayi wogulitsa milamba yowamba. M'mawa uliwonse ndinkawatenga kwawo, tsidya la Balaka, iwo pakaliyala dengu pamiyendo, kuwoloka mlatho mpaka kumsika, madzulo n'kuwabweza. Kugwe mvula, mwezi ukhale pakati, ulendo wa Abiti unalipo. Nthawi zina ankandiponyera kamlamba kothyoka mchira, kunyumba n'kukhala chisangalalo.

Ndiye kunabwera alamu anga, achimwene a mkazi wanga, amene amatsuka galimoto pamalo ena ogulitsira galimoto zodula ku Blantyre. (Sanayendetsepo ngakhale imodzi, koma akamalankhula mungayese anabadwira mu injini.) Anayang'ana njinga yanga n'kupukusa mutu.

"Alamu, vuto lanu mumanyamula aliyense," anatero. "Makampani opanga galimoto alipo amitundu iwiri. Ena amapanga zambirimbiri zotchipa kuti aliyense agule, zina mpaka zimanyamula mbuzi. Koma akuluakuluwo amapanga zochepa mwadala. Ukapita ndi ndalama m'manja amakuuza kuti udikire. Ukayamba kunenerera amakuonetsa chitseko."

"Nanga makasitomala sathawa?" ndinafunsa.

"Ndi pamene amabwera chothamanga. Munthu akamanidwa chinthu m'pamene amachifunitsitsa."

Anapitiriza kuti ngakhale pakati pa odulawo aliyense ali ndi pake. Wina amagulitsa liwiro, wina kufewa kwa mpando koti ukagwa m'dzenje sudziwa, wina fungo lokoma la m'kati. Anati kampani iliyonse imasankha chimodzi n'kukakamira pomwepo. Mawu otsirizawa ndinawamva, koma ndinaona kuti ndi ulesi wa azungu. Ine ndinatenga zonse.

Njinga ndinaipenta yakuda bii. Pakaliyala ndinamangapo pilo wa mkazi wanga (ndinamuuza kuti ndabwereka, mpaka lero akudikira). Ndinagula ambulera yaikulu ngati ya ogulitsa mayunitsi, n'kuimangirira kumtengo wansungwi kumbuyo kwa chishalo. Ndinawaza mafuta onunkhira paliponse, ngakhale patcheni. Tayi wa paukwati wanga anatuluka m'sutikesi. Mtengo wa ulendo ndinauwirikiza, kunenerera ndinaletsa. Za liwiro ndinasiyira miyendo yangayi.

Panatsala chimodzi, chimene chimandiwawa mpaka pano. M'mawa mwake ndinapita kwa Abiti Saidi, ndinawapeza ataima kale pamsewu ndi dengu lawo.

"Mwadzuka bwanji, Abiti? Pepani, kuyambira lero njinga iyi sinyamulanso nsomba."

"Yadwala?"

"Iyayi, yakwera udindo."

Anayang'ana tayi, anayang'ana ambulera, kenako anandiyang'ana ine nthawi yaitali ndithu. "Chabwino, bwana," anatero, n'kukodola Che Amidu amene ankadutsa. Che Amidu ndi mnzanga wapasiteji, ndipo njinga yake inasiyana ndi mabuleki kalekale. Amaima pokwekweza patapata pansi.

Kenako ndinayamba ntchito yomana anthu. Mphunzitsi wina atafuna kukwera ndinamuuza kuti adikire kaye, njinga ili ndi anthu ake. Malinga ndi alamu, bamboyo ankayenera kundichonderera. Iye anangosuntha phazi limodzi n'kukwera njinga yoyandikana nayo. Ena ankamva mtengo n'kufunsa ngati ndikukawatula ku Zomba. Anthu ankabwera ndithu, sindinganame, koma kudzausa pamthunzi wa ambulera podikira minibasi.

Kunyumba ndiwo zinasanduka masamba okhaokha. Mkazi wanga, amene sachedwa kuona chinthu, anafunsa kuti milamba ya Abiti yapita kuti. Ndinaimbira foni alamu mtima uli m'mwamba, iwo n'kundiuza kuti ndilimbe, dzina limatenga nthawi kuti limveke.

Loweruka lina m'mawa, m'minibasi munatsika bambo wa suti yoyera mbee, nsapato zonyezimira. Anali nkhoswe, ankathamangira ukwati kutsidya. Anadutsa njinga zonse akununkhiza, n'kudzaima pa ine.

"Achimwene, ndikufuna njinga yosanunkha nsomba."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinamutsimikizira kuti yangayi sinunkha, n'kutchula mtengo, bamboyo sananenerere. Ndinamupukutira pilo ndi mpango, ndinamukhazika pansi pa ambulera, ndipo ponyamuka ndinaliza belu kuti apasiteji onse aone. Mumtima ndinali nditayamba kale kuganiza zogula njinga yachiwiri.

Alamu anandiuza zambiri, koma za mphepo ya pamlatho sanatchule, poti galimoto zawozo zilibe ambulera. Titafika pakati, mphepo yochokera mumtsinje inalowa pansi pa ambulera ija. Njinga inayamba kupepuka. Ndinkakhotetsa kumanzere, iyo inkapita kumanja.

"Kodi zimenezi ndi mmene imayendera?" anafunsa bwana wanga, atandigwira m'chiuno.

"Ndi kufewa kwake kumeneko, bwana, musaope."

Tikutsika mlatho, kutsogolo kunatulukira Che Amidu, Abiti Saidi ali kumbuyo ndi dengu lodzaza. Ine ndinali ndi mabuleki koma chiwongolero chinali m'manja mwa mphepo. Che Amidu anali ndi chiwongolero koma mabuleki ake anali patapata. Tinaonana patali, tinakuwirana, ndipo tinagundanabe, pang'onopang'ono, mwaulemu.

Palibe anavulala. Nsungwi inathyoka, ambulera inauluka n'kukatera pamadzi, inayandama pang'ono pakati pa namasupuni kenako inamira. Nditadzuka ndinapeza nkhoswe ija itakhala m'dengu la Abiti, miyendo m'mwamba. Amene anagwirapo mlamba wowamba akudziwa mafuta ake. Suti ija kumbuyo inali ngati pepala lokulungira mandasi.

Bamboyo sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anachotsa mutu wa mlamba umene unakodwa m'thumba la jekete, anandipatsa m'manja, n'kunena motsitsa mawu, "Paja munati sinunkha nsomba." Anapitiriza ulendo wapansi, amphaka a m'mbali mwa msewu akumuyang'ana mwachidwi.

Milamba yophwanyika ndinagula ine yonse, ndiye ndiwo zinabwerera kunyumba, kungoti mkazi wanga ankaphika osandilankhula. Patapita masiku ndinavula tayi, ndinameza manyazi, n'kupita kumsika.

"Abiti, ndinalakwa. Njinga ija yatsika udindo. Mawa ndibwere nthawi yomwe ija?"

Anapitiriza kuyala nsomba pathandala osadzutsa mutu. "Ofuna kunyamula dengu langa achuluka masiku ano, bwana. Dikirani. Ndikakufunani ndidzakuitanani."

"Ndikuchotserani mtengo, Abiti."

"Zonenerera ine ayi."

Ndinkayembekeza kuti ndipsa mtima, koma ayi. Chichokereni pamenepo palibe ulendo umene ndimaulakalaka ngati wa dengu limene lija. Ndimanyamula aliyense tsopano, a nkhuku, a makala, ngakhale mbuzi, koma m'mawa uliwonse ndimapezeka ndaima pafupi ndi kwa Abiti, ndikupukuta kaliyala, kuti mwina patapata wa Che Amidu waduka. Abiti amandipatsa moni bwinobwino n'kukwera njinga yopanda mabuleki ija.

Choncho alamu anga sananame, nzeru ya makampani aja imagwira ntchito. Ndaiona ndi maso anga, imakoka munthu mpaka kumuimika pamsewu m'mamawa. Kungoti pakati pa ine ndi Abiti, ndinalakwitsa kudziwa kuti wodula ndani.