A Chigwada, Mlangizi Woyendera Sukulu ndi Maondo

M'dzinja la 1976, mvula itagwa masabata atatu osapumira, ofesi ya maphunziro ya m'boma lathu inatitumizira mlangizi watsopano. Ntchito yake inali kuyendera sukulu makumi awiri ndi zinayi, kuona ngati ana ali otetezeka, ngati akuphunzira, ndi kuthandiza aphunzitsi pamene pakuvuta. Alangizi ena onse ankayendera sukulu ndi cholembera. Uyu ankayendera ndi maondo. Dzina lake lenileni linatsalira m'mafaelo a ku ofesi, ife tonse tinkangoti a Chigwada.

Pasukulu pathu anafika Lachiwiri pa 10 Febuluwale, 9 koloko itangodutsa. Ndikudziwa chifukwa ndinalemba m'kabuku kanga, ndipo timabuku timeneto ndikadali nato tonse. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndili m'mwezi wachiwiri wa uphunzitsi, ndisanakhazikitsidwe pa ntchito. Anatsika pa njinga yamoto munthu wamtali ngati mtengo wa magetsi, wa suti yotuwa. Anapereka moni bwinobwino, anayenda mpaka pakhomo la kalasi yoyamba, kenako anangoti maondo pansi, m'matope momwemo.

Ahedi athu, bambo a mimba yaikulu ndi mtima wofewa, anavula chipewa n'kutsinzina. Ankayesa kuti mlendo wayamba pemphero.

"Ameni," anatero ahedi ataona kuti lakhalitsa.

"Ameni wa chiyani, ahedi? Ine ndikuona chogwirira cha chitsekochi. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amachifikira bwanji?"

"Amadumpha."

"Tsiku limene mudzabuke moto m'kalasimu, adzadumphanso?"

Ahedi anavalanso chipewa chawo.

Madzulo ake anatisonkhanitsa aphunzitsi tonse n'kutiuza mawu amene anawabwereza zaka makumi awiri ndi ziwiri: "Inu mumagwira ntchito ku sukulu ya anthu aatali. Ana amaphunzira ku sukulu ina, ya m'munsimu. Ine andituma ku imeneyo."

Tsiku lomwelo anakwawa pansi pa madesiki a makalasi atatu napeza misomali makumi atatu ndi isanu ndi iwiri yotulukira kunsi. Ife tinkakalipira ana kuti amang'amba yunifolomu posewera. Anapezanso kuti loko wa chimbudzi cha atsikana anali pamwamba kwambiri, moti aang'ono ankapita awiriawiri, wina kukagwira chitseko, ndipo amene analibe mnzake ankapirira mpaka kunyumba.

Pageti pathu panali mpanda wa maluwa umene ahedi ankaunyadira kuposa ana awo obereka. Kuseri kwake kunali msewu waukulu. Ulendo wachiwiri, a Chigwada anaitanira ahedi pamenepo.

"Gwadani apa, ahedi."

"Ine, pageti? Anthu akudutsa."

"Adutse. Mukuona chiyani?"

"Masamba."

"Msewu mukuuona?"

Ahedi asanayankhe, lole ya mchenga inadutsa ndi liwiro, mphepo yake n'kugwetsa chipewa chija. Kuwadzutsa pamenepo panafunika aphunzitsi awiri aamuna, ndipo ine ndinanyamula chipewa. Pofika 4 koloko ahedi anali atadula mpandawo ndi manja awo, akung'ung'udza ngati munthu wometa mwana wake mpala.

A Chigwada mathalauza awo sankatha mwezi. Akazi awo atatopa ndi kusoka anadula chikwama chakale chachikopa n'kuikapo zigamba pa maondo onse awiri, ndipo akamayenda pakhonde zinkalira kwee, kwee, moti tinkadziwa kuti afika tisanawaone. Ana a kalasi yoyamba ankakhulupirira kuti alangizi alipo awiri: wamfupi amene amacheza nawo, ndi wamtali amene amabwera kudzatenga njinga. Anthu ankanenanso kuti ku msonkhano wa akuluakulu a maphunziro anasowa pampando, n'kupezeka pansi pa tebulo akuyesa ngati miyendo yake ili yolimba. Zimenezo sindinalembe m'kabuku chifukwa sindinazione, koma sindinazikanenso.

Tsopano za ine. Ndinkaphunzitsa kalasi yachiwiri, ana makumi asanu ndi asanu ndi atatu. Akutsogolo ankawerenga ngati akuimba. Mizere itatu yakumbuyo inali chabe, ndipo mayeso aliwonse inkagwa yonse pamodzi. Kumayambiriro kwa Juni ahedi anandiitana.

"Madamu, kalata yanu ndiyenera kutumiza pa 30. Ndilembe chiyani? Theka la kalasi silidziwa kusiyanitsa b ndi d."

Kalata imeneyo ndiyo inkanena ngati ndikhazikitsidwe kapena ndibwerere kwathu. Mayi anga anali atauza kale mzere wonse wa nyumba kuti mwana wawo ndi mphunzitsi. Ndinkakonza maphunziro mpaka zala kuwawa, ndinkafuula mpaka mawu kutha, koma akumbuyo ankangondiyang'ana.

Lachitatu pa 16 Juni ndinamva kwee, kwee pakhonde. Ndinali nditawakonzera mpando wa alendo pambali pa tebulo langa, nditaupukuta kawiri. Anaudutsa osauyang'ana n'komwe, napita kukadzipinda pa benchi yomalizira, maondo kufika m'makutu. Pambali pawo panali kamtsikana kamene anzake ankakatcha Tulo, chifukwa tikangochokera kopuma kankaika mutu pa desiki.

Ola loyamba linayenda bwino. Titabwera kopuma ndinalemba mawu asanu pa bolodi, ndi dzanja langa labwino lija. Nditatembenuka ndinaona mkono wautali uli m'mwamba.

"Madamu, mwalemba chiyani?"

Ana anaseka. Ine ndinkayesa akundinyoza pamaso pa ana.

"Mawu asanu, alangizi. Akuoneka."

"Kwa inu. Tabwerani kuno mugwade."

Ndinali nditavala diresi yanga yatsopano, koma ndinapita n'kugwada pa simenti. Nditakweza maso, bolodi panalibe. Panali chinthu choyera chong'anima ngati lata latsopano. Dzuwa linkalowera pazenera la kum'mawa n'kugunda bolodi, ndipo bolodiyo ahedi anali ataipaka penti yonyezimira yotsala popaka zitseko, kuti izioneka yaukhondo kwa alendo. Munthu woimirira ankaona zonse. Mwana wokhala kumbuyo sankaona ngakhale chilembo chimodzi.

A Chigwada anatembenukira kwa mnzawo wa pabenchi. "Nanga inu amayi, mumagoneranji?"

"Tikachoka kopuma bolodi imazima," anatero Tulo. "Ndiye ndimadikira mawa."

A Chigwada anatumiza uthenga kwa ahedi. Ahedi atalowa n'kundiona ndili chogwada, anadziwiratu.

"Alangizi, maondo angawa anakulakwirani chiyani?"

"Kamodzi kokha, ahedi."

"Munatero pageti."

Anagwadabe, atagwira phewa langa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati chapansipansi, "Penti ija inali yabwino, koma."

Tsiku lomwelo tinapachika nsalu pazenera, ndipo Loweruka lake ahedi anapala bolodi yonse n'kuipaka penti yoyenera. A Chigwada anawapempha kuti kalata idikire mpaka teremu ithe. Ine ndinawatsatira kukafika pa njinga kuti ndithokoze, koma anandidula.

"Musathokoze msanga, madamu. Penti ndi ya ahedi, koma miyezi isanu ndi yanu. Mwana amagona tsiku ndi tsiku, inu osapita n'kamodzi komwe kukakhala pamene amakhala."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa simenti ija, ndipo ndinawalemba m'kabuku momwe anawanenera. Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse ndinkakhala mphindi zisanu pa benchi yomalizira ana asanalowe. Kalata inapita Lachisanu pa 6 Ogasiti, ndipo inali yabwino. Ndinaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zinayi. Tulo lero ndi namwino, ndipo akuti odwala amadandaula kuti iyeyo sagona n'komwe.

Ulendo womaliza wa a Chigwada unali Lachisanu pa 27 Novembala 1998. Nthawi imeneyo ahedi ndinali ine, ndipo tinali titangomaliza kumanga makalasi awiri atsopano. Anabwera pa galimoto ya ofesi, ali ndi ndodo, tsitsi lili mbuu. Atafika pakhomo la kalasi yatsopano anayamba kutsika monga mwa masiku onse, koma anaimira panjira. Anayesanso, atagwira mphuthu ya chitseko. Zinakanika.

"Maondo apuma pa ntchito ine ndisanapume," anatero akuseka, koma maso anali pansi.

Ndinawapatsa kaundula amene ndinanyamula kuti andigwirire, ndipo ndinagwada ine.

"Mukuona chiyani, ahedi?"

"Chogwirira chili pofikira. Bolodi ikuoneka mpaka kumbuyo."

"Pansi pa madesiki?"

"Msomali palibe. Pali chingamu."

"Chingamu sichipha munthu. Dzukani."

Kudzuka kunandivuta, ndipo anandibwereka ndodo yawo. Tinaimirira pamenepo tonse awiri titagwira ndodo imodzi, ana akutiyang'ana pazenera.

Masiku ano alangizi amabwera ndi mafoni ndi mafomu. Ndi anthu abwino, aulemu, ndipo ntchito amaidziwa. Amajambula zithunzi za makalasi ataimirira, n'kubwerera mathalauza ali oyera. Ine ndikapita kukatenga mdzukulu wanga ku sukulu kwake, ndimagwira mphuthu ya chitseko n'kuwerama mpaka pamene msana walola, iye n'kumandikoka kuti agogo mukundichititsa manyazi. Nthawi zina pakhonde pakalira nsapato yatsopano ndimatembenuka.

A Chigwada anabwerera kwawo, ndipo ndinamva kuti ankakhala pa kampando kafupi pakhonde, ana oyandikana nawo atawazungulira, mitu yonse ili pa msinkhu umodzi. M'kabuku kanga ka chaka chimene anatisiya muli mzere umodzi wokha wonena za iwo, ndipo ndinaulemba m'munsi mwenimweni mwa tsamba: Lachiwiri, 5 Ogasiti 2003.